Chiwindi cha chambo changa chayera, vuto n'chiyani?

Funso: Ndimaweta chambo m'dziwe ndipo m'chakudya chake ndimathiramo mafuta ophikira kuti chikule msanga. Potumbula, chiwindi chikumakhala chotuwa ndi chotupa, mafuta atadzaza m'mimba. Ndipatse mankhwala anji? (Mlimi wa ku Domasi)

Yankho: Bambo, chiwindi chabwino chimakhala chofiira modera. Chikatuwa n'kumanyenyeka pochigwira, ndiye kuti mafuta aunjikana mkati mwake. Nsomba yotero imakula pang'onopang'ono, ndipo imafa msanga mukaikoka ndi khoka kapena mpweya ukachepa m'madzi.

Yambani ndi kusiya kuthira mafuta ophikirawo. Chambo chimafuna mafuta apakati pa magalamu 6 ndi 10 pa magalamu 100 a chakudya, ndipo soya wokazinga ali nawo kale ambiri. Madeya ochuluka nawonso thupi limawasandutsa mafuta.

Chowonjezera chothandiza kwenikweni ndi choline, imene imachotsa mafuta m'chiwindi kupita m'magazi. Thirani magalamu 2 a ufa wa choline chloride wa 60% pa kilogalamu ya chakudya. Ufawu umakoka chinyezi n'kuwononga mavitamini ena, choncho musausunge wosakaniza ndi premix (ufa wa mavitamini ndi michere wothira m'chakudya cha nsomba). Usakanizeni tsiku lopanga chakudyalo. Vitamini E, mamiligalamu 100 pa kilogalamu, amateteza chiwindi ku mafuta owonongeka.

Koma madeya a chuku musadyetse ngakhale pang'ono: poizoni wake, aflatoxin, amaononga chiwindi ndipo palibe chowonjezera chingabweze zimenezo. M'mwezi wa June ndi July, madzi akazizira, chepetsani chakudya.