Ku Ireland anthu akudandaula, nanga bwanji boma silisintha?

Mayi wina wa kwathu amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Cork wandilembera imelo. Funso lake ndi ili: "Anzanga onse kuntchito kuno amangodandaula za lendi, za mizere ya kuchipatala, za ana awo amene akupita ku Australia. Aliyense ankatchula Sinn Féin, mpaka ine ndinkaona ngati chipani chimenechi chitenga boma. Koma chisankho chitachitika, Fianna Fáil ndi Fine Gael zabwereranso. Kodi anthu kuno amavota bwanji? Nanga ife obwera, nkhaniyi ikutikhudza pati?"

Achemwali, zikomo chifukwa cha funsoli. Mwaona bwino, koma ndikufuna ndikuonetseni kuti anthu a ku Ireland sakugona. M'zaka zapitazi akhala akulanga zipani mopanda chisoni. Chomwe chachitika n'chakuti zipani ziwiri zazikuluzi zachepa mphamvu mpaka kufika posowana, ndipo kavotedwe ka dziko limenelo kamakomera chipani chimene chili ndi bwenzi.

Tiyambe ndi chiyambi cha zipanizi, chifukwa mukafunsa mnzanu wa kuntchito kusiyana kwa Fianna Fáil ndi Fine Gael, mwina adzangoseka. Zonse zimakonda amalonda, zonse zimagwirizana ndi European Union, zonse zimateteza msonkho wotsika wa makampani akunja. Chinazilekanitsa ndi nkhondo. Mu December 1921 nthumwi za Ireland zinasaina pangano ndi Britain lopatsa mbali yaikulu ya chilumbacho ufulu wodzilamulira, koma maboma 6 a kumpoto anatsalira m'manja mwa Britain ndipo aphungu ankayenera kulumbira kuti adzakhala okhulupirika kwa mfumu. Ena anati tilandire, zina tidzapeza m'tsogolo. Ena anakana. Anthu amene anamenyera ufulu limodzi anayamba kuphana okhaokha mu 1922 ndi 1923, ndipo Michael Collins, mmodzi mwa osaina panganolo, anaphedwa m'boma la Cork momwe mulimo. Okana pangano, motsogozedwa ndi Éamon de Valera, anakhazikitsa Fianna Fáil mu 1926. Ovomera pangano ndiwo anadzakhala Fine Gael mu 1933. Kwa zaka zambiri munthu ankavotera chipani cha agogo ake.

Kuchokera mu 1932 mpaka 2007, Fianna Fáil inkatuluka yoyamba pa chisankho chilichonse cha aphungu. Nthawi zina inkaluza boma zipani zina zikagwirizana, koma ukulu wake sunkagwedezeka. Mu 2007 inapeza mavoti oposa 41 pa 100 aliwonse.

Kenaka kunabwera tsoka la mabanki. Mabanki anali atabwereketsa ndalama zankhaninkhani kwa omanga nyumba, mitengo ya nyumba inagwa, ndipo mu September 2008 boma linalonjeza kuti lidzabweza ngongole za mabankiwo akalephera. Analepheradi. Mu November 2010 dziko linalowa m'pangano la thandizo la ndalama zokwana 85 biliyoni za yuro, zambiri mwa izo za ngongole, pansi pa European Union ndi IMF, ndi malamulo okhwima odula malipiro ndi kukweza misonkho. Anthu pafupifupi 15 pa 100 aliwonse ofuna ntchito anali pa ulova. Pa chisankho cha February 2011, Fianna Fáil, imene inali ndi mipando 77 zaka zinayi m'mbuyomo, inatsala ndi 20. Mumzinda wonse wa Dublin inapulumutsa mpando umodzi wokha, wa nduna ya zachuma Brian Lenihan, amene anamwalira miyezi yochepa pambuyo pake. Ndiye wina akakuuzani kuti anthu kumeneko amangovota mwachizolowezi, mukumbutseni chaka chimenecho.

Koma chimene chimandikhudza kwambiri ndi zimene zimachitikira zipani zing'onozing'ono zikalowa m'boma la mgwirizano. Green Party inalowa m'boma ndi Fianna Fáil mu 2007 ili ndi mipando 6. Mu 2011 inatsala yopanda ngakhale umodzi. Labour inapeza mipando 37 mu 2011, yochuluka kuposa kale lonse, italonjeza kuteteza osauka ku malamulo a obwereketsa ndalama aja. Inalowa m'boma ndi Fine Gael, n'kuyamba kukhazikitsa nawo malamulo omwewo, kuphatikizapo bilu ya madzi imene inatulutsa anthu miyandamiyanda m'misewu mu 2014. Mu 2016 inatsala ndi mipando 7. A Green anadzukanso, anapeza mipando 12 mu 2020, analowanso m'boma, ndipo mu 2024 anatsala ndi umodzi, wa mtsogoleri wawo Roderic O'Gorman. Chipani chaching'ono m'boma chimakhala ngati mkamwini pamudzi: ntchito yolimba agwire ndi iye, koma nkhokwe ikapanda kudzadza, dzina loyamba kutchulidwa ndi lake. Ine ndimaona kuti chilungamo chimasowa pamenepa, chifukwa zina zimene anthu akusangalala nazo lero, monga kutsika kwa mitengo ya basi ndi kubwera kwa mabasi akumidzi, anazilimbikira kwambiri ndi a Green omwewo. Mkwiyo wa anthu ulipo ndithu, kungoti umagwera wamng'ono, wamkulu n'kupulumuka. N'chifukwa chake Labour ndi Social Democrats, zimene zinapeza mipando 11 chilichonse mu 2024, zinasankha kukhala kunja kwa boma.

Tsopano kavotedwe, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Kwathu tinazolowera kuti dera limodzi, phungu mmodzi, ndipo wochuluka mavoti watenga mpando. Ku Ireland dera lililonse limatumiza aphungu atatu, anayi kapena asanu ku Dáil, nyumba yawo ya malamulo. Pepala lovotera limakhala ndi mayina ndi zithunzi za opikisana onse, ndipo inu simuchonga mmodzi. Mumalemba 1 pa amene mukumufuna kwambiri, 2 pa wotsatira, 3, mpaka pamene mwafunira. Kuti munthu apambane ayenera kufika pa mlingo wina wake. Tiyerekeze dera la mipando inayi lomwe lili ndi mavoti 50,000: mlingowo ndi 10,001. Munthu akapitirira mlingo, mavoti ake otsala amagawidwa kwa amene analembedwa 2 pa mapepala ake. Wotsalira kumapeto amachotsedwa, ndipo mapepala ake nawonso amasamukira kwa otsatira. Zimapitirira choncho mpaka mipando yonse itadzadza.

Chisankho chikadzachitikanso, mudzapeze mpata woonera kuwerenga kwake pa TV. Mabokosi amatsegulidwa 9 koloko m'mawa wa tsiku lotsatira, m'maholo a masewero, ndipo zonse amawerenga pamanja. Anthu a zipani amatsamira pa zitsulo zotchinga, mapepala ndi mapensulo m'manja, akusuzumira pepala lililonse likamatambasulidwa n'kumalemba timizere. Pofika masana amakhala atadziwa kale momwe bokosi la mudzi uliwonse lavotera. Kuwerengako kumatenga masiku awiri kapena atatu, ndipo mpando womaliza nthawi zambiri umapita kwa munthu amene sanali patsogolo poyamba, koma amene anthu ambiri anamulemba 2 kapena 3.

Mukamvetsa zimenezi, nkhani ya Sinn Féin imamveka. Chipanichi kwa zaka zambiri chinkadziwika ngati dzanja la ndale la gulu la zida la IRA pa nkhondo ya ku Northern Ireland, ndipo anthu achikulire ambiri sanaiwale. Mary Lou McDonald atatenga utsogoleri kwa Gerry Adams mu 2018, chipanichi chinaika mtima pa nkhani ya nyumba ndi lendi. Mu February 2020 chinadabwitsa aliyense, ngakhale eni ake: chinapeza mavoti oyamba (olembedwa 1 aja) 24.5 pa 100 aliwonse, kuposa chipani china chilichonse. Koma chifukwa chosayembekezera, chinaimika anthu 42 okha. Opambana anali 37. M'madera ena munthu wawo mmodzi anapeza mavoti otsala pang'ono kukwanira aphungu awiri, koma panalibe mnzake wowalandira, choncho anapita kwa zipani zina. Fianna Fáil inakhala ndi mipando 38, Fine Gael 35, mwa mipando 160.

Apa ndi pamene zinachitika zimene agogo awo sakanalota. Zipani ziwiri za nkhondo ija zinakana kugwira ntchito ndi Sinn Féin, ndipo mu June 2020 zinapanga boma limodzi koyamba, pamodzi ndi a Green. Udindo wa Taoiseach, nduna yaikulu, anagwirizana kuti azisinthana: anayamba Micheál Martin wa ku Cork, mtsogoleri wa Fianna Fáil, kenaka mu December 2022 Leo Varadkar wa Fine Gael. Taonani masamu ake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 zipani ziwirizi pamodzi zinkatenga mavoti oposa 80 pa 100 aliwonse. Mu 2020 zinatenga 43. Chinazikumanitsa ndi kuchepa kumeneku.

Mu 2022 akafukufuku ankaonetsa Sinn Féin ili pafupi ndi 35 pa 100, ndipo mwina ndi nthawi imeneyi pamene munkamva dzinali paliponse. Nanga chinavuta n'chiyani? Mmene ndikuonera ine, chipanichi chinasonkhanitsa anthu okwiya a mitundu iwiri. Ena anali achinyamata ophunzira a m'mizinda, osowa nyumba koma olandira alendo. Ena anali a m'madera osauka amene ankaona kuti boma lawaiwala. Nkhani ikakhala ya lendi, onse ankayankhula chimodzi. Koma dziko la anthu 5 miliyoni ndi pang'ono litalandira anthu oposa 100,000 othawa nkhondo ya ku Ukraine, kuwonjezera pa ena opempha chitetezo, ndipo boma litayamba kuwaika m'mahotela a m'matauni ang'onoang'ono, nkhani inasintha. Mukukumbukira usiku wa 23 November 2023, pamene mwamuna wina anabaya ana pafupi ndi sukulu ku Dublin, ndipo magulu odana ndi obwera anatentha mabasi ndi sitima ya mumsewu pakati pa mzinda. Sinn Féin inayesa kusangalatsa mbali zonse ziwiri, ndipo mbali zonse zinaikayikira. Pa chisankho cha makhansala mu June 2024 inapeza pafupifupi 12 pa 100 okha. Ulendo uno inaimika anthu ochuluka kwambiri, moti anagawana mavoti ochepawo n'kugwetsana.

Mbali ya boma nayo sikuti zinkaiyendera. Mu March 2024 anthu anakana mwamphamvu mafunso awiri a riferendamu okhudza banja ndi chisamaliro, ndipo Varadkar anatula pansi udindo, Simon Harris wa Fine Gael yomweyo n'kulowa m'malo. Koma boma linali ndi ndalama. Misonkho ya makampani akuluakulu a ku America inkalowa yochuluka, ndipo mu September 2024 khoti la European Union linalamula kuti Apple ipereke ku Ireland misonkho yakale yoposa 13 biliyoni za yuro. Bajeti ya chisankho chisanachitike inagawa ndalama zothandizira magetsi ndi ana. Munthu amene ali ndi nyumba yake ndi ntchito yokhazikika analibe chifukwa chachikulu chosinthira boma.

Inu amene mumasamalira anthu, mwina munaona kanema wa ku Kanturk, m'boma la Cork lomwelo. Harris ali pa kampeni m'sitolo, mayi wina wosamalira anthu olumala anamuimitsa n'kumuuza, misozi ili m'maso, kuti ogwira ntchito ngati iye aiwalidwa. Harris anamuyankha mothamanga n'kuchokapo. Kanemayo anafalikira dziko lonse, Harris anapepesa, ndipo Fine Gael inatsika m'masiku omaliza. Komabe pa 29 November 2024 zotsatira zinali izi: Fianna Fáil mipando 48, Sinn Féin 39, Fine Gael 38, mwa mipando 174. Pa mavoti oyamba zipani zitatuzi zinali pafupi, 21.9, 19.0 ndi 20.8 pa 100 aliwonse. Chinapatsa Fianna Fáil mipando yochuluka choncho ndi manambala 2 ndi 3 aja: otsatira Fine Gael, amene makolo awo sakanalemba dzina la munthu wa Fianna Fáil, tsopano ankalemba, ndipo enawo ankabweza. Mipando 86 ya Fianna Fáil ndi Fine Gael pamodzi inaperewera iwiri kuti ikwane theka ndi umodzi, choncho anatenga aphungu oima paokha, ndipo Martin anakhalanso Taoiseach mu January 2025. Pa nthawiyo anthu pafupifupi 15,000, ana ali momwemo, ankagona m'malo ongoyembekezera chifukwa chosowa nyumba, ndipo anthu 4 mwa 10 aliwonse olembetsa sanapite kukavota. Ambiri mwa odandaula aja ndi achinyamata ndi a lendi, amene savota mwaunyinji ngati eni nyumba achikulire.

Musaganize kuti zathera pomwepo. Mu October 2025 zipani zotsutsa, Sinn Féin, Labour, Social Democrats, a Green ndi ena, zinagwirizana pa munthu mmodzi, Catherine Connolly wa ku Galway, ndipo anapambana upulezidenti ndi mavoti oposa 60 pa 100 aliwonse. Pulezidenti kumeneko alibe mphamvu zoyendetsa boma, koma zinaonetsa zimene zimachitika otsutsa akamapatsirana mavoti. Ngati adzachite chimodzimodzi pa chisankho cha aphungu, boma likhoza kusintha.

Za ife obwera, ndinene mosabisa. Mkwiyo wa nyumba ukasowa kolowera umatembenukira kwa munthu wooneka mlendo, ndipo mukudziwa bwino kuposa ine mmene zimamvekera pa basi. Chotonthoza mtima n'chakuti magulu odana ndi obwera, ngakhale anapeza makhansala owerengeka, sanapeze mpando ku Dáil mu 2024. Pa chisankho cha aphungu amavota ndi nzika za Ireland ndi nzika za Britain zokhala kumeneko. Koma pa chisankho cha makhansala, aliyense wokhala m'dzikomo wa zaka 18 kupita m'mwamba amavota, posayang'ana pasipoti, ngakhale amene akudikirabe yankho la pempho la chitetezo. Rotimi Adebari, amene anachokera ku Nigeria, anayambira pa ukhansala ndipo mu 2007 anakhala meya wa Portlaoise. Makhansala ali ndi mawu pa malo omangapo nyumba ndi pa bajeti ya dera lanu, ndipo ambiri mwa aphungu a mawa amachokera mwa iwo. Chisankho chawo chotsatira chidzakhala mu 2029. Lembetsani dzina lanu pa checktheregister.ie, muwauzenso anzathu a kumpingo, ndipo tsikulo likadzafika musadzalekere pa 1, mudzalembe mpaka pansi.