Musanakongole ndalama za kamera, Mayi, imvani zimene zinandionekera

Mayi wina wosoka zovala ku Zomba wandilembera imelo kufunsa ngati n'kwanzeru kutenga ngongole ku banki m'khonde kuti agule kamera yaikulu, popeza makanema otsatsira malonda amene amajambula pa foni amaoneka achibwana. Funso limeneli latokosa chilonda changa chakale, choncho mundikhululukire, Mayi, ndiyambira kutali.

Kamera yanga yoyamba ndinagula ndi ndalama za katapila, ndipo ntchito yoyamba imene ndinapeza inali yojambula kalipentala wina ku Ndirande. Ndinafika dzuwa lili paliwombo, ndinawaimika bambowo panja pambali pa mipando yawo, ine n'kubwerera m'mbuyo mapazi khumi kuti chikwangwani chawo chionekenso. Nditatsegula kanemayo pa kompyuta usiku, thukuta linandituluka. Dzuwa lochokera pamutu linasandutsa maso awo maenje awiri akuda, ndipo mawu awo anamira m'mphepo, m'kulira kwa macheka ndi m'kukuwa kwa oitanira minibasi, chifukwa maikolofoni ya pa kamera imatola chilichonse chofika pamene yaima, siidziwa kuti mwini malonda ndi uti. M'mawa mwake ndinabwerera, tinalowa m'shedi n'kuyatsa getsi, koma chithunzi chinatuluka chikuphethiraphethira. Panapita miyezi ndisanadziwe chifukwa chake: magetsi athu kuno amayenda pa 50 Hz, kutanthauza kuti amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi, pamene kamera yanga inali pa zithunzi 30 pa sekondi m'malo mwa 25 zimene zimagwirizana ndi magetsiwo. Bambo aja anakana kumaliza kulipira, ndipo sanalakwe. Wakatapila yekha ndiye sanaphonye mwezi.

Kuyambira pamenepo ndinaleka kumvera aliyense wouza wamalonda ang'onoang'ono kuti ayambe wagula kamera, ndipo lero ndikunena mosapsatira kuti uphungu wotere ndi wolowetsa anthu m'ngongole. Ganizirani kumene kanema wanu akupita. Mukamuika pa WhatsApp kapena pa Facebook, amapanikizidwa kuti achepe, moti ubwino wa chithunzi chapamwamba kwambiri chotchedwa 4K umene mwaulipirira sufika kwa kasitomala, yemwe akuonera pa foni yaing'ono uku akudandaula za bandulo yake ya Airtel kapena TNM. Munthu ameneyu amapirira chithunzi chosawala bwino, koma akalephera kumva zimene mukunena, chala chake chimapitirira nthawi yomweyo.

Pali chinanso chimene chimandinyansa, ngakhale simunafunse. Ambiri akaona kuti mawu awonongeka amangothira nyimbo ya woimba wotchuka pamwamba. Nyimbo ili ndi mwini wake, lamulo la Copyright Act la 2016 limamuteteza, ndipo bungwe la COSOMA lilipo pa ntchito imeneyi; Facebook nayo nthawi zina imatseka mawu a kanema wotere. Komanso kwa telala, ndi nyimbo iti ingapose kulira kwa mashini ake ndi sizasi ikudula chitenje? Wogula akamva zimenezo amadziwa kuti diresi lasokedwa pamalopo, silinachokere pa kaunjika.

Tsono muchite chiyani?

Sungani foni yanuyo, ndipo pukutani galasi la kamera yake musanajambule, pakuti mafuta a m'zala ndiwo amachititsa chifunga chimene ambiri amanamizira foni. Gulani kamaikolofoni kokoleka pa kolala ndi katatu koimikapo foni, zimene mtengo wake ndi kachigawo kochepa ka mtengo wa kamera. Jambulani pakhonde kapena pafupi ndi zenera, m'mawa kapena chakumadzulo, kuwala kukumenya nkhope yanu osati msana. Foni ikhale choimirira, pa mlingo wa chithunzi wotchedwa 1080p, ndipo ngati ikulola, pa zithunzi 25 pa sekondi mukayatsa getsi. Yambani ndi chovala chomalizidwa chitavalidwa ndi munthu amene wavomera kujambulidwa, kenaka muonetse msoko pafupi, mutchule mtengo ndi kumene mukupezeka, zonse zisapitirire masekondi 30. Podula kanemayo, pulogalamu ya pa foni yotchedwa CapCut ikukwanirani, ndipo mulembe mtengowo pa kanema pomwepo chifukwa ena amaonera m'minibasi atatseka mawu.

Ngati ndalama za banki m'khonde mwatenga kale, Mayi, gulani nsalu ndi ulusi, musoke madiresi atatu oti muwajambule Loweruka lino.