Funsani amakaniko: Africa Twin yanga ikuvina kumbuyo ndikakweza alamu anu

Achimwene, ine ndimakhala ku Chilomoni ndipo chaka chatha ndinagula Honda Africa Twin ya 2018 kuchokera ku Joni, injini ili bho ilibe vuto lililonse koma nkhani ndi iyi, ndikakhala ndekha imayenda mwaulemu koma ndikangokweza alamu anu ndi chikwama popita kumudzi ku Neno, tikangosiya tala kumbuyo kumayamba kuvina, pa bampu imagunda kuti gu mpaka mayiwo amanditsina m'nthiti. Pa mabatani osankhira kayendedwe ka njinga ndaika Gravel, ndaika User, palibe chikusintha. Usikunso magalimoto amangondithwanimira ngati ndayatsa nyali yayikulu pomwe sindinayatse. Anzanga akuti shoko yatha ndiitanitse ina. Nditani?
Wa ku Chilomoni

Achimwene, ndalama ya shokoyo ibwezeni kaye m'thumba, kapena mugulire alamu chitenje chopepesera msana wawo. Tiyambe ndi mabataniwa chifukwa ndi amene akukusokonezani. Africa Twin ya 2018 ili ndi Tour, Urban, Gravel ndi User, ndipo zonsezi zimangolamula zinthu zitatu, mmene injini imayankhira mukapotokola moto, mmene imadzigwirira yokha mukabweza moto, ndi traction control, yoletsa tayala kuzungulira pachabe, ija a Honda amaitcha HSTC ya masitepe 7. Basi. Shoko ya njinga yanuyo ilibe waya olo umodzi wopita ku kompyuta, nde mutha kudina Gravel mpaka chala kutupa iyo siimva kanthu. Shoko zomvera batani pa Africa Twin zinabwera 2020 ndi Adventure Sports ES, yanuyo ndi yosintha ndi dzanja ndi sikuludilaiva.

Nkhani ya nyali ija ndi imene yakuululani. Njinga ikuyenda itakhala pansi kumbuyo mphuno ili m'mwamba, nde nyali ikuwalira m'maso mwa anthu m'malo mwa msewu. Shoko yakumbuyo ya Africa Twin imalola tayala kuyenda mamilimita 220 kuchokera pamwamba kufika pogunda, koma mukakwera awiri ndi thumba la ufa theka la ulendowo mwadya kale musanalize n'komwe injini, bampu ikabwera palibenso kothawira, ndi gu mukumvayo. Komanso tayala lakutsogolo limapepuka, nchifukwa chake chiwongolero chimayandama pa nsangalabwi.

Mankhwala ake ndi preload, kufinyiratu sipuling'i ya shoko kuti njinga ikwere kumbuyo, ndipo pa njinga yanu ndi zophweka chifukwa pali chopotokola chakuda pambali pa shoko, simufuna sipanala. Koma musangopotokola mwachimbulimbuli, yezani. Pezani anzanu awiri ndi tepi ya mamilimita, ngakhale ya atelala ija imagwira ntchito. Nyamulani njinga kuti tayala lakumbuyo lilendewere osakhudza pansi, yezani kuchoka pa mtedza wa ekiselo kufika pa malo amodzi pamwamba pake chakumpando, pakani kachizindikiro pamenepo kuti musasokere. Lembani nambalayo. Kenako itsitseni, mukwere inu ndi alamu ndi chikwama chomwe chija, mutavala zonse mumavala paulendo, mapazi pa zopondera mnzanu m'modzi atagwira njinga kutsogolo, winayo ayezenso malo omwewo. Kusiyana kwa manambala awiriwo ndi kumene timati sag, ndipo kuzikhala pafupifupi 30 peresenti ya 220 uja, tinene pakati pa mamilimita 65 ndi 75. Ndikhulupirira inu mupeza yopitirira kutali. Potokolani chakumanja ngati mukumanga, kwerani, yezani, mpaka ifike.

Apa pali chinthu anthu ambiri amalakwitsa ngakhale amakaniko anzanga ena, preload siilimbitsa sipuling'i. Sipuling'i ndi yomweyo, inu mukungokweza pomwe njinga imakhalira kuti shoko ikhale ndi mpata wogwirira ntchito. Nde mukapotokola mpaka kumapeto koma sag ikadali 90 kaya 100, apo ndiye sipuling'i yachepa mphamvu pa katundu wanu, mugula sipuling'i yolimba osati shoko yonse, ndipo muonenso m'buku kulemera komwe njinga imaloledwa kunyamula chifukwa ife akumudzi tikamabwerera sitidziwa kukana mbatata.

Kuvina kuja tsopano. Mukakonza sag mwina kutha kokha, koma ngati mukadutsa bampu njinga ikudumphabe kawiri katatu isanakhazikike, ndi rebound imeneyo, kasikulu kamene kamalamula liwiro lomwe shoko imabwererera ikafinyika. Kali kumunsi kwa shoko, pamakhala H ndi S, H kulimbitsa S kufewetsa. Musanakakhudze kamangeni pang'onopang'ono mpaka kaime mukuwerenga makiliki, osakakamiza kakafika kumapeto chifukwa mkati muli kasingano kosachedwa kuphwanyika, lembani nambala, kabwezeni pomwe kanali, kenako onjezani makiliki awiri okha kupita ku H. Awiri okha achimwene. Mukalimbitsa kwambiri, pa timabampu tondondozana ta msewu wafumbi tija tangati malata, shoko siipeza nthawi yobwerera, imangotsikiratsikira mpaka njinga kuuma ngati ngolo, inu n'kumaganiza kuti mufewetse compression, yolamula liwiro lomwe shoko imafinyikira, pomwe vuto mwalipanga nokha kwina. Compression yo ili chapamwamba pa kabotolo ka shoko, ine ndingati isiyeni kaye mpaka zinazi zikhale. Sinthani chinthu chimodzi, kayeseni pa msewu umodzi womwewo, kwanuko mbali ya ku Michiru fumbi ndi miyala sizisowa.

Shoko yakufa imadziwika, mafuta amachucha pa chitsulo chonyezimira chija, kapena mumapotokola rebound kuchoka mbali ina kufika inayo osamva kusintha kulikonse. Ngati zili choncho bwerani tikambe zina. Ndipo mukatsitsa alamu kumbukirani kubweza preload, apo ayi mudzafika pa maloboti mapazi osafika pansi.

Amakaniko, ndili ndi BMW R 1200 GS ya 2015 ndipo chigulireni ndimangoyenda pa mode ya Rain chifukwa amene anandigulitsa anati imasunga mafuta, ndi mmene mafuta akuvutiramu ndinangomvera. Koma mvula yathayi ndinatitimira m'matope kanjira kolowera kwathu ku Machinjiri, ndikupereka moto njinga ikungotsokomola osapita mpaka ana anachita kundikankha anthu akuseka. Nanga si Rain ndi ya mvula?
Wamanyazi, Machinjiri

Pepani bwana koma nanenso ndaseka. Rain ndi ya tala wonyowa, osati matope. Ndi yabwino zedi mvula yoyamba ya Novembala pomwe mafuta ndi fumbi zonse za chilimwe zimayandama pa Masauko Chipembere msewu n'kuterera ngati therere, kapena chiperoni cha Juni mukutsika ku Thyolo m'mawa. Imafewetsa moto ndipo traction control imakhala tcheru kwambiri, tayala likangoti lizungulire pachabe pang'ono kompyuta imadula mphamvu. Pa tala zimenezo zimakupulumutsani. M'matope ndi mumchenga tayala liyenera kupalasa kaye kuti lipeze pogwira, nde inu mukupereka moto kompyuta ikulanda, kutsokomola kuja kunali kukangana kwa awirinu.

Onani ngati yanu ili ndi Enduro, chifukwa Rain ndi Road zimabwera ndi njinga iliyonse koma Dynamic, Enduro ndi Enduro Pro anthu amachita kulipirira padera pogula. Enduro imalola tayala kupalasa ndipo ABS, yoletsa tayala kuuma n'kumakhukhuluzika mukagwira buleki, siifulumira kulowerera, zomwe ndi zofunika potsika phiri la miyala chifukwa ABS ya pa tala imangomasula buleki njinga n'kumapitabe inu mtima uli m'mwamba. Enduro Pro pa njinga za zaka zimenezo imafuna kapulagi kolowetsa pansi pa mpando, imazimitsa ABS ya kumbuyo ndipo anaipangira matayala a zigobe zikuluzikulu, nde ngati muli pa matayala osalala a m'tauni musaisewere nayo. Ngati mulibe Enduro, pali batani lozimitsira traction control, zimitsani polowa m'matope, giya yachiwiri, moto wosadukiza, maso kutsogolo, mukafika pa tala yatsaninso. Chitani zimenezi mutaima pambali, kusaka mabatani uku mukuzemba maminibasi ndi kudziputira.

Ngati ili ndi ESA, mashoko omvera batani, muli ndi mwayi woposa mnzathu wa ku Chilomoni, preload mumasankha pa batani njinga itaima injini ikulira, chipewa chimodzi ndi inu nokha, chipewa ndi sutikesi ndi inu ndi katundu, zipewa ziwiri mwakweza munthu. Za mafuta zija anakunamizani, kapena nayenso ananamizidwa. Rain pa GS siichepetsa kukula kwa injini, mafuta amadyedwa ndi dzanja lanu lamanja, mpweya wochepa m'matayala ndi fyuluta yodzadza fumbi.

Bigi, ife a kabaza mumatiiwala mumangokamba za njinga za mabwana. Yanga ndi Boxer ndimaima pa Limbe, ilibe ma mode amenewo koma ndikakweza kasitomala wonenepa ndi thumba la makala imakhula pansi. Pali chochita?
Mnyamata wa pa siteji

Aise sindinakuiwaleni, ndipo nkhani yako ndi yomweyi ya Africa Twin, kungosiyana mtengo. Yang'ana pa mashoko ako awiri akumbuyo kumunsi kwa sipuling'i, pali kamphete ka mano ngati masitepe, imeneyo ndi preload yako. Kazungulize ndi sipanala yangowe ija kupita pa dzino lokwera, osati kumenya ndi hamala ndi chizulo mmene ndimaonera pa siteji, ndipo mbali zonse ziwiri zikhale pa dzino lofanana, ukasiyanitsa njinga imayenda chammbali pa kona. Ukatero uonenso tcheni, chifukwa njinga ikalemedwa tcheni imakungika, amene amaimanga kuti gwa njinga ili yopanda munthu ndi amene amagula masiproketi mwezi ndi mwezi. Koma kasitomala wonenepa ndi makala pa ulendo umodzi, amenewo ndi maulendo awiri aise, ulipiritse kawiri.