Za timbozi ta pa marozi ndi pa mbande za mandimu

Mwafunsa za timbozi tobiriwira timene tikudya masamba a marozi anu, komanso tina tooneka ngati zitosi za mbalame pa mbande za mandimu. Ndikuona kuti timeneti ndi tizilombo tiwiri tosiyana.

Ta pa mandimuto ndi ana a gulugufe wamkulu wakuda wa madontho achikasu, wotchedwa Papilio demodocus. Tikakula timasanduka tobiriwira, ndipo mukatikhudza timatulutsa tinyanga tiwiri tonunkha kuseri kwa mutu. Mtengo waukulu sutekeseka nato, koma mbande ya chaka chimodzi ingathe kutsala yopanda tsamba, choncho muzititola ndi manja m'mawa uliwonse, n'kuphwanyanso timazira tozungulira timene gulugufeyo amaikira pa masamba anthete.

Pa marozi, tembenuzani tsamba, chifukwa timbozito timabisala kunsi, kumene timapala mnofu wa tsamba n'kusiya kakhungu kopyapyala koonekera kuwala. Werengani miyendo ya pamimba, kusiya isanu ndi umodzi ya kutsogolo. Ikakhala 10 (isanu mbali iliyonse) kapena yocheperapo, imeneyo ndi mbozi ya gulugufe, ndipo mankhwala a Bt, opangidwa kuchokera ku bakiteriya wopha mbozi, amaipha. Ikafika 12 (isanu ndi umodzi mbali iliyonse) kapena kuposerapo, ndi mphutsi ya sawfly (kachilombo kouluka ka m'gulu la mavu), imene Bt saigwira n'komwe. Ambiri amataya ndalama pamenepa.

Mitundu yonse iwiri mungaichepetse ndi masamba a nimu osinja, oviika m'madzi usiku wonse, kenako n'kusefa ndi kuthiramo sopo pang'ono. Poperani kunsi kwa masamba dzuwa litapendeka, njuchi zitabwerera, ndipo mubwereze pakatha masiku 7. Mankhwala amphamvu a m'sitolo ine sindiwalimbikitsa pa timbewu tochepa chonchi, chifukwa amapha ndi mavu omwe, amene amagwira timbozito kukadyetsa ana awo.