Za kuopa tizilombo m'magazi bambo atamangidwa mitsempha ya kummero

Achemwali, mwafunsa ngati tizilombo tingalowe m'magazi a bambo anu, omwe madokotala anawamanga mitsempha yotupa ya kummero sabata yatha. Zimenezi zimachitika ndithu, koma si kawirikawiri, ndipo nthawi zambiri tizilombo tochepa timene talowa, thupi limathana nato lokha mwamsanga. Njira zothandizira mitsempha imeneyi pa endoscopy (kulowetsa kapaipi ka kamera kudzera pakamwa) zilipo ziwiri: kuimanga ndi timphira kapena kuibaya mankhwala oumitsa. Kubaya ndi kumene kumalowetsa tizilombo kwambiri, popeza singano imaboola malo amene malovu amadutsa, pomwe kumanga, kumene bambo anachitidwa, chiopsezo chake n'chochepa.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi chiwindi chawo. Mitsempha imeneyi imatupa chifukwa magazi akukanika kudutsa bwino m'chiwindi, ndipo ngati chinawonongeka ndi hepatitis B kapena mowa, sichisefanso tizilombo monga kale. N'chifukwa chake wodwala chiwindi amene wafika akusanza magazi amapatsidwa mankhwala opha tizilombo monga ceftriaxone mpaka masiku 7, pomwe wobwera pa tsiku lake kudzamangidwanso nthawi zambiri sawafunikira. Funsani adokotala kuti bambo anali m'gulu liti.

Kunyumbako muwayang'anitsitse. Thupi likatentha kufika madigiri 38, akamanjenjemera, mimba yodzaza madzi ikayamba kupweteka, kapena akayamba kugona kwambiri usana ndi kuyankha zosagwirizana ndi funso, musadikire kuti kuche. Kusokonezeka mutu kumeneku nthawi zina kumabwera thupi lisanatenthe n'komwe, komanso ngati akumwa propranolol (mankhwala ochepetsa kugunda kwa mtima), mtima ukhoza kusathamanga ngakhale matenda atakula. Enafe tinazolowera kuti thupi likatentha ndiye kuti ndi malungo, koma muno mu Harare malungo si ambiri ngati kumudzi, choncho musathamangire kogula mankhwala. Tengani mapepala awo a kuchipatala mupite nawo ku chipatala cha Parirenyatwa kapena cha Sally Mugabe, ndipo mukafika munene tsiku limene anamangidwa kuti akawayeze magazi.

Timphira tija timagwa tokha pakapita masiku angapo n'kusiya tizilonda timene tingathe kutulutsa magazi. Apatseni phala ndi zakudya zofewa, ndipo asamwe ibuprofen, diclofenac kapena aspirin adokotala asanavomereze. Chimbudzi chikada ngati phula, abwerere kuchipatala tsiku lomwelo. Kumangaku kumabwerezedwa, kawirikawiri pakadutsa masabata 2 mpaka 4, kufikira mitsemphayo itafota, choncho tsiku limene anawalembera asaliphonye ngakhale akumva bwino.