Bwanji chimene ndikufuna kuiwala ndiye chosachoka m'mutu?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga zolemba zanga. Anapempha kuti dzina lawo ndisalitchule, choncho ndingonena nkhani yawo mwachidule. Masabata atatu apitawo, pamsonkhano wa kuntchito, anasokoneza manambala pofotokoza lipoti, ndipo abwana awo anawakonza pamaso pa anthu onse. Kuyambira tsikulo, akangoika mutu papilo nkhaniyo imabwerera, ndi nkhope za onse amene analipo. Anzawo akuti angoiwala. Makanema a pa intaneti akuti maganizo ndi mphamvu, munthu amakhala chimene amaganiza. Funso lawo linali lakuti: "Ngati maganizo ali ndi mphamvu chonchi, bwanji ine ndikulephera kulamula anga? Kodi ndine wofooka?"

Mayi, simuli wofooka ayi. Vuto ndi lakuti amene akukuuzani kuti mungoiwala akukutumani ntchito imene ubongo wa munthu sutha kuigwira, ndipo mukamalimbikira kuigwira m'pamene zinthu zimaipiraipira.

Mu 1987 katswiri wa za maganizo wa ku America, Daniel Wegner, anaika anthu m'chipinda mmodzimmodzi n'kuwauza kuti kwa mphindi zisanu asaganize za chimbalangondo choyera. Anawapatsa belu kuti aziliza nthawi iliyonse chinyamacho chikawabwerera m'mutu. Belu linalira ndithu, kupitirira kamodzi pa mphindi iliyonse. Chodabwitsa chinabwera pambuyo pake: atawalola kuti tsopano aganize za chimbalangondocho momasuka, anachiganizira kwambiri kuposa anzawo amene sanaletsedwe poyamba. Kuletsa kuja kunangochinenepetsa.

Wegner anadzafotokoza chifukwa chake motere. Mukadziuza kuti musaganize za chinthu, mbali ina ya maganizo imayamba kusakasaka zina zoti muziganizira, pamene mbali ina imakhala ngati mlonda, kumasuzumira kuti ione ngati choletsedwa chija chalowa. Koma mlonda kuti azindikire wakuba ayenera kusunga nkhope yake m'mutu. Ntchito yosakasaka ija imafuna mphamvu, ndipo munthu akatopa imafooka. Mlonda yekha satopa. N'chifukwa chake masana, muli pakati pa ntchito, nkhaniyo imakupatsaniko mpata, koma usiku nyali zikazima imabwera ndi katundu wake yense.

Ndiye zoti munthu angathe kulamula maganizo ake monga mmene amalamulira dzanja, ine sindizivomereza, ngakhale wozinenayo atavala suti yokongola bwanji. Maganizo amabwera okha, osagogoda. Mphamvu imene tili nayo ili pa zimene timachita nawo akafika.

Mfundo imeneyi si ya dzulo. Epictetus, amene anali kapolo ku Rome asanakhale mphunzitsi pafupifupi zaka 1,900 zapitazo, ankaphunzitsa kuti chimene chimasautsa munthu si chochitikacho, koma chiweruzo chimene iye wachiikapo. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, akatswiri a za maganizo Albert Ellis ndi Aaron Beck anamanga pa mfundo yomweyi njira yothandizira anthu ovutika maganizo, imene masiku ano imadziwika kuti CBT. Alangizi otsata njirayi sauza wodwala kuti aziganiza zabwino zokhazokha. Amamuphunzitsa kugwira ganizo limodzi, kulikhazika pansi, n'kulifunsa umboni.

Tiyeni tiyese ndi lanu. Chimene chinachitika n'chakuti munasokoneza manambala ndipo munakonzedwa. Chimenecho n'choona, ndipo madzi akatayika saoleka. Koma chimene chikukusowetsani tulo ndikukhulupirira kuti si manambalawo. Ndi chiganizo china chimene mwachilumikiza kumapeto kwake: onse aja tsopano akundiona ngati mbuli, ndipo sadzaiwala. Apa ndiye pofunika umboni, ndipo umboni umene ulipo sukugwirizana nanu.

Mu 2000 Thomas Gilovich ndi anzake ku Cornell University anafalitsa zotsatira za kafukufuku woseketsa. Anaveka ophunzira malaya okhala ndi chithunzi chachikulu cha woimba wina amene achinyamata ankachita naye manyazi, n'kuwalowetsa m'chipinda momwe munali anzawo. Atatuluka anawafunsa kuti akuganiza kuti ndi angati aona chithunzicho. Iwo ankati pafupifupi theka. Zoona zake, anali pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse. Ndipotu awa anali malaya oti ali pachifuwa penipeni, osati manambala a mu lipoti.

Ine zinandichitikirapo. Tsiku lina ndikuyankhula pagulu ndinatchula mlendo wolemekezeka ndi dzina lolakwika, kawiri konse, iye atakhala pamzere woyamba. Ndimakumbukirabe thukuta likutsika mumsana ndi pepala likunjenjemera m'manja. Ndinayenda nacho chinthu chimenechi pafupifupi chaka. Kenako ndinakumana ndi mnzanga amene anakhala pafupi ndi mlendoyo tsiku lija, ndipo ndinayamba kupepesa za manyazi amene ndinachititsa gulu. Anandiyang'ana ngati ndayankhula chinenero chachilendo. Chimene iye ankakumbukira pa tsikulo chinali chakuti nsapato zake zatsopano zinkamuluma, ndipo ankaopa kuti anthu aona mmene akutsimphinira. Tonse awiri tinali pamsonkhano umodzi, aliyense akudziyang'anira yekha.

Umu ndi mmene anthufe tilili, ndipo sindikunena monyoza. Aliyense ali ndi lipoti lake limene linamusokonekera. Abwana anu mwina usiku umenewo ankadzifunsa ngati sanakukonzeni mwaukali kwambiri, kapena ankaganiza za abwana awo.

Nanga usiku muzitani? Pali njira imene katswiri wina wa za maganizo, Thomas Borkovec, ndi anzake anaiyesa mu 1983, ndipo imamveka ngati yachibwana mpaka mutaiyesa. M'malo moletsa nkhawa, muipatse nthawi yake: theka la ola tsiku lililonse, nthawi yomweyomweyo, pamalo omwewo, koma osati pabedi ndiponso osati kutatsala pang'ono kugona. Ganizo likabwera nthawi ina, musalimbane nalo. Mungoliuza kuti ndakuona, tikumana mawa 5 koloko. Mlonda uja akadziwa kuti mlendoyu si woletsedwa, amasiya kusuzumirasuzumira.

Nthawiyo ikakwana, tengani cholembera. Kulemba kumathandiza chifukwa ganizo la m'mutu limazungulira ngati galu wothamangitsa mchira wake, pamene chiganizo cha papepala chimakhala ndi poyambira ndi pothera. Lembani chimene chinachitika monga mmene kamera ikanachionera, kenako padera lembani zimene mwaonjezerapo inu. Mukatero funsani kuti pa zonsezi chimene chili m'manja mwanu n'chiti. Zimene anthu aja akuganiza sizili m'manja mwanu. Lipoti lotsatira lili m'manja mwanu.

Funso la "bwanji ine?" mulisamale, chifukwa lilibe pansi; mungakumbe usiku wonse osafika. Funso la "zinatheka bwanji?" lili ndi yankho. Mwina munakonza lipotilo usiku muli wotopa, mwina manambala anali pamasamba awiri osiyana, mwina simunaliwerenge mokweza musanalowe. Zimenezi zimakonzeka.

Ndiyenera kunenanso ichi mosabisa. Masabata atatu osagona bwino si ochepa. Ngati pamwamba pa kusowa tulo mwayamba kusafuna kudya, zimene munkasangalala nazo sizikukukomeraninso, kapena mumadzuka ndi mtima wolemera pafupifupi tsiku lililonse kwa masabata awiri kapena kuposerapo, kaonaneni ndi dokotala kapena mlangizi wa za maganizo. Pamenepo nkhani ingakhale itadutsa pa manyazi a msonkhano umodzi, ndipo pepala ndi cholembera pazokha sizingakwanire.

Za manambala aja, m'kalata yanu simunanene ngati munatumiza okonzedwa kwa abwana anu. Ngati simunatumize, atumizeni Lolemba m'mawa. Mizere iwiri yakwana, ndipo mupepese kamodzi kokha, osati kasanu.