Za "L" wa pa pepala la magazi: yankho kwa achemwali amene mwafunsa za asilikali a m'thupi

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mnyamata wanu wa zaka 23 anakayezetsa magazi chifukwa cha ntchito imene wapeza ku loji ina ya kunyanja kuno, pepala labwera ndi WBC (maselo oyera onse a m'magazi, asilikali a m'thupi aja) 3.4 ndi NEUT (ma neutrophil, mtundu umodzi wa maselo oyerawo) 1.3, pambali pake pali chilembo cha L chotanthauza kuti nambala yatsika, ndipo amene anamupatsa pepalalo anangoti "asilikali achepa" n'kuitana wotsatira. HIV alibe, sakudwala, mpira akumenya ngati kale, koma inuyo tulo tathawa. Pansi pa funso lanu ndaonanso mayi wina walemba kuti amayi ake amene akulandira kemo (mankhwala a khansa) ku Queens anauzidwa mawu omwewo, ndipo akufunsa ngati angokhala phee. Ndikuyankhani pamodzi, chifukwa mawu munamva ofanana koma zochita zanu n'zosiyana kutalitali.

Ine ndimagwira ntchito mu labu konkuno ku Mangochi. Sindinamuone mwana wanuyo, ndiye zimene ndilembe pano mupite nazo kwa adokotala, musalowe nazo m'malo mwawo.

Poyamba tichotse chisokonezo chimene ndachiona mu ndemanga. Ambiri mwalemba kuti amwe chidede, ena masamba a mapeyala owiritsa, wina mpaka wati Sobo wofiira. Amenewo ndi malangizo amene timapatsana munthu akauzidwa kuti magazi achepa, ndipo kuchepa magazi pa pepala kumaoneka pa mzere wa HB. Mwanayu nkhani yake ili pa maselo oyera. Komanso si CD4 ayi. Maselo oyera alipo a mitundu isanu, CD4 ali m'gulu la ma lymphocyte, pamene amene atsika apawa ndi ma neutrophil, amene amathamangira mabakiteriya akalowa m'thupi. Mafinya amene mumaona pa chilonda, gawo lalikulu ndi iwowa atafera pa nkhondo. Amapangidwa m'mafuta a m'mafupa, pafupifupi 100 biliyoni tsiku lililonse, ndipo m'magazi sakhalitsa, ndi nkhani ya maola chabe. N'chifukwa chake nambala yawo imasinthasintha. Munthu yemweyo mutamuyeza m'mawa ndi madzulo, simupeza zofanana ndendende.

Tsopano L uja akuchokera kuti? Makina amene timagwiritsa ntchito amabwera ndi malire oikidwiratu. Mabuku ambiri amati WBC wa munthu wamkulu akhale pakati pa 4 ndi 11, ndipo ma neutrophil akatsika pansi pa 1.5 amati achepa. Malire amenewa anapezeka poyeza makamaka azungu. Makinawo sadziwa kuti magazi ali mu botolomo ndi a mnyamata wa kwa Chimwala, amangofanizira n'kulemba L.

Apa ndi pamene kafukufuku watithandiza kwambiri ife anthu akuda. Pa maselo ofiira a m'magazi pamakhala kachinthu kena kotchedwa Duffy, dzinalo linachokera kwa wodwala amene anakatulukira pa iye mu 1950. Anthu ambiri a kuno ku Africa tilibe kachinthu kameneka pa maselo athu ofiira. Mu 1976 Louis Miller ndi anzake ku America anasonyeza kuti malungo a mtundu wa vivax amalowera pakhomo pomwepo, moti amene alibe Duffy malungo a mtunduwo savutika nawo kwenikweni. Musasangalale msanga, athu ano ndi a falciparum, iwo alibe nazo ntchito za khomo limenelo, neti muzigonamobe. Kenako mu 2009 David Reich ndi anzake anapeza kuti kusowa Duffy komweko ndi kumene kumachititsa kuti anthu ambiri ochokera ku Africa azipezeka ndi ma neutrophil otsikirapo akawayeza. Chachikulu n'chakuti anthu amenewa sadwaladwala kuposa anzawo. Asilikaliwo thupi likupanga ndithu ndipo nkhondo ikabwera amatuluka. Masiku ano akatswiri a magazi ambiri akukana n'komwe kuzitchula kuti matenda.

Chaka chomwecho cha 2009 kunatuluka kafukufuku wina amene anayeza anthu athanzi oposa 2,000 ku Kenya, Uganda, Rwanda ndi Zambia. Anapeza kuti kwa anthu amenewo WBC wabwinobwino amayambira cha pa 3.1, ndipo ma neutrophil cha pa 1.0. Onani manambala a mwana wanu aja, 3.4 ndi 1.3, ali mkati. Chimene chinandipweteka nditawerenga n'chakuti atagwiritsa ntchito malire a ku America, pafupifupi munthu m'modzi mwa atatu alionse akanakanidwa kulowa m'kafukufuku wa katemera ngati wodwala, pomwe ali bwinobwino. Kuno kwathu a Wilson Mandala ndi anzawo ku Blantyre anayezanso Amalawi athanzi a misinkhu yosiyanasiyana kuti tikhale ndi manambala athuathu. Koma si makina onse amene malire ake anasinthidwa, ndiye ma L akutulukabe tsiku ndi tsiku.

Komabe sindikunena kuti mulitaye pepalalo. Kuti tinene kuti "ndi mmene anabadwira" pamafunika kaye kuchotsa zina.

Choyamba n'chochititsa manyazi pang'ono, koma ndichinena: nthawi zina vuto limakhala botolo. Magazi a FBC, kuyeza kowerenga maselo onse a m'magazi kumene kunatulutsa pepala limeneli, timaika m'kabotolo ka chivindikiro chapepo, ndipo ukangotenga uyenera kukatembenuza kangapo kuti magazi asakanikirane ndi mankhwala ali m'katimo. Ndinalandirapo botolo lochokera ku chipatala china chaching'ono, litayenda pa njinga yamoto dzuwa la Okutobala lili pamutu, makina n'kutulutsa manambala oopsa moti ndinaimirira pampando. Nditaliyang'ana pa kuwala, pansi pake panali kachibuluma ka magazi oundana. Titamutenganso munthuyo mawa lake, zonse zinali bwinobwino. Ndiye abwerezenso pakatha milungu ingapo, ndipo ngati n'kotheka apemphe kuti apakenso magazi pa galasi tiwaone ndi maso pa maikulosikopu. Neutrophil wathanzi amaoneka bwino, m'kati mwake muli ngati timaso ta mtedza titatu kapena tinayi tolumikizana ndi kaulusi. Maselo achilendo makina amatha kuwaphonya, diso la munthu silingawaphonye msanga.

Kenako yang'anani mizere ina iwiri, HB ndi PLT (timaselo tothandiza magazi kuundana). Ngati yatsika ndi neutrophil yekha, mtima ukhale pansi. Ngati zonse zitatu zatsika, imeneyo ndi nkhani ina ndipo isagone. Kuno kunyanja, chimodzi mwa zimene ndimaganizira ndi kapamba wotupa, chifukwa kapamba akakula amasunga maselo m'kati mwake. Malungo obwerezabwereza amatupitsa kapamba, likodzo la m'matumbo nalonso. Kale tinkadziwa kwambiri likodzo lokodza magazi, koma cha mu 2017 ndi 2018 ofufuza anapeza nkhono zofalitsa likodzo la m'matumbo m'mbali mwa nyanja m'boma lathu lino, ndipo ana asukulu ena anapezeka nalo. Mwana amene wakulira kusamba ndi kuwedza m'nyanja, adokotala amugwire pamimba. Tayifodi, malungo, ngakhale chimfine champhamvu chimene wangochira kumene zimatha kutsitsa nambalayi kwa kanthawi. Mowa wambiri ndi kuperewera kwa vitamini B12 nazonso.

Ndiye pali mankhwala. Bactrim amatha kutsitsa, AZT wa mu ma ARV ena amadziwika nazo kwambiri, carbimazole wa chithokomiro, clozapine wa matenda a maganizo, linezolid amene amaperekedwa pa TB yosamva mankhwala. Popita kuchipatala atenge chilichonse chimene akumwa, ngakhale za m'botolo zogula pa msika. Amene muli pa mankhwala amenewa musasiye nokha chifukwa mwawerenga pano, chonde, kafunseni kumene mumalandirira.

Ndipo achemwali, wina wakulemberani kuti mumutsatire ku inbox ali ndi mankhwala okweza asilikali. Ndalama zanuzo mugulire mwanayo nsapato za kuntchito.

Tsopano ndibwere kwa inu mayi amene amayi anu ali pa kemo. Zonse ndanena pamwambazi za Duffy musazitengere kwa iwo. Kemo imapha maselo amene amachulukana msanga, ndipo mafuta a m'mafupa ali m'gulu limenelo. Nthawi zambiri ma neutrophil amafika pansi penipeni pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 chilandirireni mankhwala. Taonani kuipa kwake: masiku amenewo mayiwo sali ku Blantyre, ali kunyumba, mwina ku Makanjira kapena ku Katuli, kusanza kwatha, aliyense akuti ayamba kupeza bwino.

Kuyambira mu 1966, pamene Gerald Bodey anatsatira odwala khansa ya m'magazi, zinadziwika kuti nambala ikamatsika matenda oopsa amachuluka, makamaka ikafika pansi pa 0.5. Munthu wotere mabakiteriya a m'matumbo mwake momwe amatha kulowa m'magazi. Ndipo popeza asilikali palibe, sipakhala mafinya, sipakhala kutupa kooneka, chizindikiro chimangokhala kutentha thupi basi. Mu 1971 madokotala ena anasonyeza kuti kuyamba maantibayotiki nthawi yomweyo, osadikira zotsatira za ku labu, kumapulumutsa anthu, ndipo mpaka lero ndondomeko ndi yakuti alandire pasanathe ola limodzi atafika kuchipatala.

Ndiye gulani choyezera kutentha kwa thupi ku famase, chikhale m'chikwama chimodzi ndi buku lawo la kuchipatala. Chikaonetsa 38 kapena kupitirira, kapena akuzizidwa mpaka kunjenjemera, nyamukani ngakhale ndi usiku. Musayambe mwawapatsa Panado n'kudikira kuti muone m'mawa, Panado amabisa chizindikiro chokhacho chimene chilipo. Pofika musakhale pa mzere mwaulemu, uzani namwino woyamba amene mwakumana naye kuti "awa ali pa kemo, analandira tsiku lakuti, atentha thupi." Malungo awayeze, inde, koma ngakhale apezeke nawo, pemphani FBC. Ndimakumbukira gogo wina amene anatentha thupi Lachisanu, abale n'kumati tidikire Lolemba galimoto ipezeke. Magazi awo atafika kwa ine, ndinayendetsa galasi mbali ndi mbali kufunafuna neutrophil, ndinkapita malo angapo osamuona ngakhale m'modzi. Anachira, koma atagona pa dripi masiku ambiri.

Mankhwala okweza ma neutrophil enieni alipo. Ndi jakisoni wotchedwa filgrastim, amene amauza mafuta a m'mafupa kuti afulumire kupanga. Anavomerezedwa ku America mu 1991, ndipo m'kafukufuku wa chaka chimenecho pa odwala khansa ya m'mapapo, amene anatentha thupi asilikali atatsika anali 77 mwa 100 alionse pakati pa osabayidwa, ndi 40 mwa 100 pakati pa obayidwa. Mu 2002 kunabwera pegfilgrastim, amene amabaya kamodzi pa ulendo uliwonse wa kemo m'malo mwa tsiku ndi tsiku. Filgrastim ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa WHO. Amafuna furiji, amapweteketsa m'mafupa makamaka m'chiuno, ndipo sabayidwa aliyense, amasankha amene kemo yawo ili ndi chiopsezo chachikulu. Funsani adokotala awo ngati amayi anu ali m'gulu limenelo. Nthawi zina amangosuntha tsiku la kemo kapena kuchepetsa mlingo. Akakubwezani kuti mubwere sabata yamawa musakwiye kwambiri, ngakhale ndikudziwa kuti thiransipoti ya Mangochi ndi Blantyre si masewera.

Za chakudya sindikuzinyoza. Ku Queens komweko anafufuza ana odwala khansa ya Burkitt, n'kupeza kuti ana amene anali onyentchera ndi amene asilikali awo ankatsika kwambiri akalandira kemo. Ndiye usipa, mazira, nyemba, phala la soya, mayiwo adye. Zikhale zophikidwa bwino ndi zotentha, madzi owiritsa kapena othira WaterGuard, m'manja mosamba, ndipo obwera kudzazonda amene akutsokomola aimire panja. Ndikudziwa kuti kwathu kuno kubweza mlendo n'kovuta, muziti ndi adokotala anena.

Chimene ine ndikuchiyembekezera kwambiri ndi njira zatsopano zoyezera. Pali timakina tating'ono monga ta HemoCue timene timawerenga maselo oyera ndi kadontho ka pa chala m'mphindi zochepa. Ndipo ofufuza ena a ku yunivesite ya MIT ku America anapanga kachipangizo koti munthu amangolowetsa chala, kamera n'kujambula timitsempha ta m'munsi mwa chikhadabo. Timitsempha timeneto n'tating'ono moti maselo amadutsa m'modzim'modzi, ndipo selo loyera likamadutsa pamaoneka kampata pakati pa ofiira. Akawerenga timipatato amadziwa ngati asilikali atsika kwambiri, popanda singano. Anayamba ndi odwala 11 okha mu 2018, kenako anayesa pa ochulukirapo. Ine funso langa pa zipangizo zotere limakhala limodzi nthawi zonse: anaziyesa pa khungu lakuda ndi zala za munthu wolima ndi wokoka chilimira? Tinaona kale ndi malire aja zimene zimachitika akayesa kwina n'kutitumizira. Koma tsiku limene kachipangizo kotere kadzafike pa chipatala chaching'ono cha ku Namwera, mayi wa kemo sadzafunikanso kungoganizira pa tsiku la 10.

Achemwali a mwana wa ku loji, ngati mukufuna, lembani pano HB ndi PLT zimene zili pa pepalalo, ndiponso ngati pali mankhwala amene akumwa. Mukajambula pepalalo muphimbe dzina lake ndi chala, gulu lino muli anthu ambiri.